Kufukula mbiri ya mvula pansi pa damu lakale ku Kasungu

Ndimaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina yoyendera kuno ku Kasungu. Zolemba izi ndi za ntchito yomwe ndagwira ndi ophunzira a Fomu 3 m'chilimwe cha 2024: kuzula matope pansi pa damu lakale ndi kuwerengamo zaka za mvula yoopsa. Ndalemba zipangizo, mitengo yake ndi zomwe zinavuta, kuti mphunzitsi wina wofuna kuyesa ayambire pomwe ife tafika.

Njirayi inayambira m'mphepete mwa nyanja zamchere. Ku Alabama, m'dziko la America, kuli kanyanja kotchedwa Lake Shelby komwe kali kuseri kwa milu ya mchenga. Nthawi zonse pansi pake pamakhazikika matope akuda. Namondwe wamphamvu akafika, mafunde amalumpha miluyo n'kukatayira mchenga woyera pamwamba pa matope, kenako matope ena amadzaukwirira. Kam-biu Liu ndi Miriam Fearn anazula matope a m'kanyanjako, nawerenga mizere ya mchengayo, ndipo mu 1993 anatulutsa mbiri ya anamondwe a zaka zikwi zingapo. Mu 2007 Jeffrey Donnelly ndi Jonathan Woodruff anachitanso zomwezo pa chilumba cha Vieques ku Puerto Rico, anabwerera m'mbuyo zaka 5,000, napeza kuti anamondwe amphamvu ankachepa m'nyengo zomwe El Niño ankabwera pafupipafupi. Ife kuno nyanja yamchere tilibe. Koma kumapeto kwa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa, womwe umayambira m'nkhalango ya Kasungu yathu yomweyi, unasefukira n'kusamutsa anthu ambiri ku Nkhotakota, ndipo ophunzira anandifunsa ngati mvula yotere inkagwa kale. Ndinafuna kuti yankho alipeze ndi manja awo.

20 Julaye: dambo latikanika

Tinayamba ndi dambo la kuseri kwa sukulu chifukwa ndi lapafupi. Tinakumba dzenje lofika m'chiuno ndi makasu ndi fosholo, n'kusalaza khoma lake ndi chikwanje. Panalibe mzere ngakhale umodzi. Dothi lake ndi makande okhaokha kuyambira pamwamba mpaka pansi. Makande amang'ambika m'chilimwe, dothi lapamwamba limagwera m'ming'alu, mvula ikabwera amafufuma n'kutsekanso, ndiye chaka ndi chaka amadzisakaniza okha. Onjezanipo ziboda za ng'ombe, nkhanu, chiswe ndi makasu a anthu a madimba. Dambo lomwe limauma musalitayire nthawi. Pamafunika malo omwe madzi amakhalapo chaka chonse, odekha, opanda wopondapo. Ndalama sitinawononge, zida zinali zobwereka.

27 Julaye: kwa amfumu

Mlonda wa pasukulu ndiye anatiuza za damu la esiteti ya fodya yomwe inasiya kulimidwa, ulendo wa ola limodzi pa ngolo. Tinayamba tafika kwa a nyakwawa, chifukwa mlendo wokhoma paipi m'madzi a mudzi popanda kupempha amabweretsa manong'onong'o. Anatifunsa ngati tikufuna miyala ya mtengo wapatali. Nditafotokoza, anati: "Aphunzitsi, matopewo tengani, koma mukamaliza mudzabwere mudzatiuze pabwalo pano zomwe mwaona." Anatipatsanso agogo ena aamuna omwe anagwira nawo ganyu yomanga damulo.

Agogowo anatipatsa chinthu chomwe akatswiri amalipira ndalama zambiri kuti achipeze: chaka choyambira. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, damuli munamanga liti?" Iwo anati chaka sakuchisunga, koma malipiro awo oyamba pantchitoyo anali a kwacha ndi matambala atsopano, mapaundi ndi masheleni atangochoka kumene. Kwacha inayamba kugwira ntchito mu 1971. Choncho pomwe matope a damu akuthera n'kuyamba dothi lakale la munda, pamenepo ndi 1971 kapena 1972. Tinawasiyira shuga ndi sopo za K9,000.

3 Ogasiti: kugula zipangizo

Zonse tinagula pa boma. Mapaipi awiri a pulasitiki otuwa a mamilimita 75, aatali mamita 6, pa K29,000 imodzi. Zotsekera kumapeto zisanu ndi chimodzi pa K2,500 chimodzi. Chingwe cha nailoni K8,000. Matepi omata awiri K5,000. Malegeni K1,500. Migolo inayi yachitsulo tinabwereka kwa wogulitsa mafuta pa K3,000 umodzi, ndipo matabwa anachokera ku madesiki othyoka a pasukulu. Paipi iliyonse tinaidula zidutswa za mamita atatu, ndipo kumapeto kumodzi tinakunola ndi tupa kuti kukhale ngati mlomo wa mpeni.

Paipi yopyapyala ya madzi akuda ndiyotsika mtengo, koma ya khoma lochindikala ndi yomwe imapirira hamala. Tinagula yochindikala.

10 Ogasiti: paipi yoyamba yatuluka yopanda kanthu

Tinamanga matabwa pamwamba pa migolo n'kukoka chingwe kuchoka tsidya lino kufika tsidya lina kuti pokwerapo pasayende ndi mphepo. Madzi pakati pa damu anali ofika m'chifuwa. Ndinaletsa ophunzira kulowamo chifukwa cha likodzo, popeza nkhono zinali mbwee m'mphepete. Okwera anali atatu okha odziwa kusambira, ena anagwira zingwe kumtunda.

Paipi inalowa yokha ndi manja masentimita pafupifupi 60, kenako tinaika thabwa pamwamba n'kumamenya ndi hamala. Kukoka kunavuta, koma inazuka. Itangofika pamwamba pa madzi, matope onse anapulumukira pansi n'kubwerera m'damu, ife n'kutsala ndi paipi yoyera.

Chomwe chimagwira matope m'paipi ndi kusalowa kwa mpweya kumwamba. Musanakoke, dzazani madzi m'paipi mpaka pakamwa, tsekani ndi chotsekera, kulungani malegeni mwamphamvu kuti pasapite ngakhale kampweya. Ndipo wina agone chafufumimba pa matabwa, dzanja lili m'madzi, kuti mlomo wapansi ukangozuka m'matope autseke usanatuluke m'madzi. Titachita zimenezi pamalo ena pambali pake, matope anakhala.

17 Ogasiti: mapaipi atatu

Tinazula atatu: wina pafupi ndi pomwe kamtsinje kamathirira, wina pakati, wina pafupi ndi khoma la damu. Chifukwa chozulira atatu ndi chomwe chija cha ku Alabama. Mchenga wa namondwe umakhala wochindikala kufupi ndi komwe wachokera, n'kumapepuka ukamapita kutali. Mzere womwe waoneka m'paipi imodzi yokha sungadaliridwe.

Apa panatuluka vuto lomwe ndikufuna aliyense alimve bwino. Paipi yapakati inalowa masentimita 150 poyeza kunja. Titaponya tepi m'kati, matope anali masentimita 118 okha. Masentimita 32 sanatayike. Pomenya, matope ofewa amapanikizika, ndipo ena amakankhidwira pambali osalowa n'komwe. Ukapanda kuyeza kunja ndi m'kati usanakoke, sudzadziwa kuti matope ako afupika bwanji. Pa paipi yachitatu tinkayeza pakatha masentimita 20 aliwonse, ndipo tinaona kuti kufupikako kumachuluka tikayamba hamala. Kukankha ndi thupi, anthu awiri atapachika mtengo pamwamba, kumasunga matope bwino kuposa kumenya.

Hamala inang'ambanso pakamwa pa paipi ya kukhoma. Chotsekera sichikanagwira pong'ambikapo, ndiye tinadula masentimita 10 ndi sowo tili pamadzi pomwepo. Thabwa lomenyerapo likhale la mtengo wolimba, osati la paini.

Mapaipi onse atatu anafika pa katondo wofiira wolimba wa munda wakale. Ponyamula tinawaimiritsa m'ngolo, atamangidwa pa mtengo, chifukwa kuwagoneka matope apamwamba akadali amadzimadzi kumasokoneza zaka zaposachedwa. Ngolo kupita ndi kubwera, K15,000. Tinalemba muvi woloza kumwamba pa paipi iliyonse ndi penti.

31 Ogasiti: kung'amba

Tinawasiya chiimire masabata awiri m'chipinda cha sayansi, titaboola kabowo pamwamba penipeni pa matope kuti madzi atsike. Mmisiri wina anatibwereka galainda, koma poyesa pa kachidutswa ka paipi yotsala inasungunula pulasitiki n'kumwaza zinyenyeswa. Tinabwerera ku sowo ya manja. Tinakhomera matabwa awiri pa benchi kuti paipi isagubuduke, tinacheka mbali zonse ziwiri osafika pa matope, pomalizira ndi mpeni. Kenako waya wa mabuleki a njinga tinaukoka kuchoka pamwamba kufika pansi, paipi n'kugawika pakati.

Posalaza, mpeni uyende mopingasa, osati motsata utali wa paipi. Ukatsata utali umapaka mchenga wa mzere wina pa matope a zaka zina.

Paipi yapakati itatseguka m'kalasi munangoti zii. Inkaoneka ngati nzimbe: matope akuda ataliatali, kenako mfundo yotuwa ya mchenga, kenako matope. Mtsikana wina anayendetsa chala pamwamba pake maso atatseka, ndipo ankatchula pomwe pali mchenga asanaone, chifukwa umakhakhala pansi pa chala pomwe dongo limaterera. Mizere ina yopyapyala yomwe maso anaiphonya tinaipeza motero. Fungo la mazira owola linadzaza chipinda, chizindikiro choti pansipo mpweya sunkafika, n'chifukwa chake nyongolotsi sizinasakanize. Jambulani nthawi yomweyo, tepi ili pambali, pa mthunzi. Pofika mawa lake mtundu wakuda uja unali utayamba kusanduka wofiirira.

Theka limodzi la paipi iliyonse tinalikulunga m'pulasitiki osalikhudza. Linalo ndi logwirira ntchito.

7 Sepitembala: mabotolo ndi mbaula

Tinadula matope masentimita awiriawiri. Kachidutswa kalikonse tinakaika m'botolo la madzi, n'kuthiramo sopo waufa pang'ono kuti dongo lisagwirane, n'kukhutchumula kwa nthawi. Mchenga umakhala pansi pa mphindi imodzi, dothi losalala pakatha maola awiri, dongo limatenga masiku. Tinkalemba mzere pa botolo pakatha mphindi imodzi, n'kuyeza ndi lula. Mabotolo akhale a mtundu umodzi, a pansi posalala. A zakumwa okhala ndi timiyendo pansi amabisa mchenga m'makona, ndipo tinachita kuwasintha ndi a galasi. Sopo K2,500, mabotolo anatola ophunzira.

Kuyeza zowola za zomera kunatipatsa zochepa. Akatswiri amaumitsa matope, kuwayeza, kuwatentha pa madigiri 550, n'kuwayezanso. Ife tinali ndi mbaula, zitini za nsomba ndi sikelo ya pasukulu. Moto wa makala sufanana pakati ndi m'mbali, ndipo phulusa linkagwera m'zitini mpaka zina zinatuluka zolemera kuposa momwe zinalowera. Tinavundikira ndi zivindikiro zoboola, zinthu zinakhalako bwino, koma kachidutswa kamodzi kogawidwa pawiri kankapereka mayankho otalikirana. Manambala amenewo sindiwagwiritsa ntchito. Thumba la makala la K12,000 linapita pamenepo, ndipo wina aliyense angathe kulumpha gawo limeneli.

21 Sepitembala: kuika zaka

Ku Lake Shelby zaka anazipeza poyeza carbon-14, mtundu wa kaboni wa m'zowola za zomera womwe umatha pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika. Kwa matope a zaka zosakwana 150 amagwiritsa lead-210, yomwe theka lake limatha pa zaka 22, kapena caesium-137 yochokera ku mabomba a nyukiliya omwe ankayesedwa kwambiri mumlengalenga mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Zonsezi zimafuna labu yakunja ndi madola. Ife tinadalira zizindikiro zitatu za m'paipi yapakati.

Choyamba ndi katondo wa pa masentimita 118, wa 1971 kapena 1972. Chachiwiri chili pa 76: kagawo kouma gwa, kofiirira, kokhala ndi ming'alu yodzaza mchenga ndi timizu ta udzu. Udzu sumera pansi pa madzi ofika m'chifuwa. Tinabwerera kwa agogo aja ndi chithunzi. Anati damu linauma kamodzi kokha mpaka ana kusewera mpira pakati pake, chaka cha chilala chachikulu, chipani chikadali chimodzi. Chimenecho ndi chilala cha 1992. Chachitatu chinatuluka pa 34, pomwe mnyamata wina anasolola kapulasitiki kong'ambika ndi nsonga ya pensulo. Titakatsuka kanali kasacheti ka mowa, ka mtundu uja unadzaza m'misika boma lisanauletse mu 2015.

Tikawerengera, kuyambira 1971 kufika 1992 munalowa masentimita 42, awiri pa chaka. Pamwamba pa kasacheti pali masentimita 34 a zaka khumi kapena kupitirira pang'ono, pafupifupi atatu pa chaka. Matope apansi ndi opanikizika kuposa apamwamba, choncho kusiyanaku n'kocheperako kuposa momwe kukuonekera, koma kulipo.

Nditaona izi ndinawauza ophunzira za matope a pansi pa Nyanja ya Malawi omwe anazulidwa mu 2005 ndi gulu la Christopher Scholz ndi Thomas Johnson. Iwo anapezamo zizindikiro za mtundu womwewu, zosonyeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zomwe zinatsitsa nyanja mamita mazanamazana. Kagawo kathu kouma ndi ka chaka chimodzi, koma kuwerenga kwake ndi kumodzi.

5 Okutobala: mzere womwe ana anautcha Freddy

M'paipi ya kothirira muli mchenga wochindikala masentimita atatu, pafupi ndi pamwamba. Ophunzira anagwirizana okha kuti ameneyu ndi namondwe Freddy wa Malichi 2023, ndipo analemba kale dzinalo pa tchati. Sindiwadzudzula, chifukwa aliyense wa ife anaona zithunzi za ku Chilobwe. Koma mvula ya Freddy inagwa kummwera, ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, osati kuno. Ndipo m'mapaipi ena awiri mzerewo mulibe ngakhale pang'ono.

Tinatsata kamtsinje chokwera. Patali pang'ono ndi damu tinapeza maenje a oumba njerwa m'mphepete penipeni, ndi uvuni wakale. Mwini wake, bambo wachikulire, anati anayamba kukumba pamenepo zaka ziwiri zapitazo. Titasefa mchenga wa mzere uja tinapezamo tizidutswa tofiira ta njerwa zootcha. Tinafufuta dzina lija pa tchati.

Mzere womwe ukuoneka m'mapaipi onse atatu uli pa masentimita 58 m'paipi yapakati. Kothirira ndi wochindikala masentimita 7, pansi pake pali timiyala, mchenga n'kumasalala chokwera, monga amachitira madzi othamanga akamafooka. Pakati ndi masentimita atatu, kukhoma sufika imodzi. Umenewu ndi madzi osefukira enieni. Malo ake, pakati pa 1992 ndi kasacheti, akuloza cha m'ma 2000 kapena 2001. Mvula ya kumayambiriro kwa 2001 inachuluka, chimanga chinamira m'minda, ndipo chotsatira chake chinali njala ya 2002 yomwe inapha anthu ambiri kuno ku Kasungu. Amayi ena a m'mudzimo anati ndi chaka chimenecho madzi anadutsa pamwamba pa khoma la damu. Ndalemba pa tchati kuti "mwina 2001", ndipo mawu akuti mwina ndawasiya dala.

Chomwe chandikhalitsa pansi kwambiri ndi ichi. Pansi pa kagawo ka 1992 pali mizere iwiri yokha ya mchenga. Pamwamba pake ilipo isanu ndi inayi. Wofulumira anganene kuti mvula yoopsa yachuluka kanayi. Koma ku Alabama mulu wa mchenga umakhala ngati mlingo, namondwe wofooka sangaulumphe. Kuno mlingo wake ndi mitengo ndi udzu wa kumtunda. Agogo aja anatiuza kuti damu likumangidwa, phiri la kumtunda kwake linali tchire la misuku ndi mitondo, ndipo linatha ndi nkhuni zochizira fodya, kenako minda ndi makala. Lero pali chigwembe chomeza munthu woimirira. Pa nthaka yovula chotere, mvula wamba imakokolola mchenga womwe kale unkafuna mvula yoopsa. Matope athu akusunga mbiri ziwiri zosakanikirana, ya mvula ndi ya nkhwangwa, ndipo ndi mapaipi atatuwa sitingazilekanitse. Ndinawauza ophunzira kuti alembe zimenezi m'malipoti awo momveka, ngakhale zikuchotsa mutu wankhani wokoma womwe ankaufuna.

19 Okutobala: pabwalo, ndi zotsala

Tinabwerera kwa a nyakwawa ndi theka la paipi yapakati pa thabwa. Anthu anadza ambiri. Nkhani ya zaka sinawakope kwenikweni. Chomwe anafunsa n'chakuti damu latsala ndi zaka zingati. Madzi ofika m'chifuwa m'mwezi wa Ogasiti, matope olowa masentimita atatu kapena kuposa pa chaka, ndiye kuti ana omwe ali ku pulayimale lero adzaliona litasanduka dambo. A nyakwawa anaitanitsa oumba njerwa kuti akambirane zosuntha maenje, ndipo komiti ya damu ikufuna kudzala vetiva m'chigwembe mvula ikayamba.

Ndalama zonse zakwana K138,000, zochokera ku thumba la kalabu ya zachilengedwe ndi zopereka za makolo. Matheka osakhudzidwa ali pansi pa benchi m'chipinda cha sayansi. Limodzi linayamba nkhungu, ndiye tinalipukuta ndi sipiriti n'kulikulunganso kawiri.

Zotsala ndi ziwiri. Ndalembera nthambi yoona zanyengo kupempha mlingo wa mvula ya tsiku ndi tsiku ya ku Kasungu kuyambira 1971, kuti tione ngati masiku a mvula yoposa mamilimita 80 achulukadi kapena ayi. Ndipo tikufunafuna dziwe kapena damu lomwe kumtunda kwake mitengo ikadalipo, chakufupi ndi malire a nkhalango ya Kasungu, kuti tizule paipi yofanizira. Kumeneko kudzafunika chilolezo cha a zankhalango ndi mlonda wa mfuti chifukwa cha njovu ndi mvuu, ndipo paipi imodzi ya mamita atatu yatsala kale yonola.